Nkhunda ya aTcheya Yakana Kubwerera

Nkhunda ndi mbalame yofatsa, koma musaisungitse chinsinsi. Idzakuyalutsani dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona, iyo ili phee kukonza nthenga zake.

Kamphepo anazidziwa zimenezi m'mawa wina ali pakhonde la kuseri kwa nyumba, akutsuka timbale tomwera nkhunda za bambo ake. Dzina limeneli anamupatsa ali wamng'ono chifukwa sankadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Mpaka ukulu uno, ukamutuma kugolosale umangomva chitseko chikumenyetseka, mwiniwake atafika kale pamsewu. Foni inanjenjemera m'thumba la epuloni. Anapukuta manja n'kuitulutsa.

Uthengawo unali wochokera kwa Kakhoti.

Oweta nkhunda a m'tauni imeneyo anali ndi gulu lawo la pa foni, la anthu mazanamazana. Analiyambitsa ndi bambo ake a Kamphepo, n'chifukwa chake aliyense ankangowatchula kuti aTcheya. Pagululo ankalengezapo nkhunda zosochera, kuonetsana maunda, kulangizana za matenda, ndiponso, poti anthu ndi anthu, kutukwanizana. Maadimini, oyendetsa gululo, analipo asanu, kuphatikizapo aTcheya ndi Kamphepo. Kale akati aweruze mlandu ankakangana mpaka kusiya kupatsana moni. Ndiye anaikamo kaloboti ka m'foni koti kazilandira madandaulo, kuwatumiza kwa maadimini okha, n'kuwerenga mavoti mwachinsinsi. Kanalibe m'bale, kanalibe chisoni, sikankalandira mphatso. Anthu anakatcha Kakhoti.

"Mlandu watsopano," kanatero. "Wodandaulidwa ndi Wamalata. Nkhani ndi yosunga nkhunda ya mwini m'khola mwake mobisa. Onani chithunzi. Voti itsekedwa dzuwa likamalowa. Monga mwa nthawi zonse, aTcheya avota pokhapokha mavoti akafanana."

M'munsi mwake munali mabatani atatu: Achotsedwe. Akhale. Ndili ndi umboni.

Kamphepo anatsegula chithunzicho. Pakhomo la kakhola ka malata panali Mkanda, nkhunda yaimuna ya khosi lobiriwira, kamphete kofiira kali kumwendo. Mkanda yemwe bambo ake ankamudyetsa m'manja, yemwe anasowa masiku apitawo mpaka aTcheya kumasiya chakudya m'mbale. Anali atatsamiritsa khosi pa kankhunda koyera kakakazi, ngati zonse za padziko sizikumukhudza.

Kambale kanapulumuka m'manja, phwaa!

* * *

"Mwaswa chiyaninso, mlamu?"

Anali mkazi wa mchimwene wake, atatulukira pakhomo la kukhitchini ndi mpeni ndi anyezi m'manja. Mwamuna wake ankagwira ntchito kutali, ndiye awiriwa ankakhalira limodzi ngati pachibale. Nkhani ya Wamalata, m'nyumba monsemo ankaidziwa ndi iye yekha.

Kamphepo anangomulozetsa foni.

"Mayo ine!" Mlamuyo anaseka mpaka kugwira chitseko. "Taonani mmene akhalira! Ngati chithunzi cha paukwati!"

"Alamu, inu mukuseka? Akuti waba!"

"Nanga sindinanene? Anthu onse amatumizirana mauthenga pa foni. Inu nokha awiri n'kuti ayi, ife tituma mbalame."

Pamenepo mlamuyo sankanama. Wamalata anali mmisiri wa zidebe ndi mapaipi a madzi a mvula, mnyamata wamtali wosalankhulalankhula. Anabwera koyamba kudzakonza denga la khola la aTcheya, n'kulakwitsa chinthu chimodzi: anawauza kuti kholalo linayang'ana kumene kumachokera mphepo. ATcheya sanamukhululukire. "Mwana wa dzulo, wa tinkhunda tinayi padenga la lendi, andiphunzitse ine?" Koma pamene bambo ankakalipa pansi, mwana wawo ndiye ankagwirira makwerero, ndipo makwererowo anawagwira nthawi yaitali kuposa mmene ntchito inkafunira.

Vuto linali foni. Maso a aTcheya anali atayamba kufooka, ndiye ankakonda foni ya Kamphepo poti inali yaikulu. Nthawi ina iliyonse ankangoti, "Tabweretsa kuno ndione zapagulu." Uthenga wa chikondi ukanafikira m'manja mwawo. Ndiye awiriwo anapeza nzeru. Kamphepo ankatenga Mkanda m'kadengu n'kukamusiya kwa Wamalata. Mnyamatayo akaweruka n'kukwera padenga, ankamuulutsa. Mkanda akatera pakhola lakwawo, uthenga unali umodzi: bwera, ndafika.

Zinkayenda bwino, mpaka awiri onsewo, ana okulira m'nthenga, anaiwala chimene woweta nkhunda aliyense amachidziwa. Suika yaimuna pafupi ndi yaikazi yopanda mnzake. Tsiku lina Wamalata anamuulutsa Mkanda, Mkanda anazungulira kamodzi mumlengalenga, n'kubwerera pomwepo.

"Koma si munamubweretsa tsiku lija mutamubisa m'chikwama?" anafunsa mlamu.

"Ndinamubweretsa. M'mawa nditangotsegula khola, Bambo asanadzuke n'komwe, uyo! Osayang'ananso m'mbuyo."

"Ndiye watengera eni ake a pakhomo pano," anatero mlamu. "Nayenso ndi kamphepo."

"Alamu!"

"Chabwino, ndasiya. Dinani kuti akhale, basi. Si mwati mavoti ndi achinsinsi?"

Foni inanjenjemeranso. Kakhoti kankalengeza mavoti akamalowa, popanda maina. "Achotsedwe: awiri. Akhale: palibe."

Kamphepo anakhala pansi pa chidebe chovundikira. Munthu wochotsedwa pagulu chifukwa cha kuba, Kakhoti kankamulengeza kwa anthu onse. Palibe ankamugulanso maunda, palibe ankamupatsanso moni pa chionetsero. Koma zonsezo zinali zazing'ono. Chachikulu chinali chakuti aTcheya akanalola mkamwini wosauka, mwina, tsiku lina, atakalipa mokwanira. Mkamwini wakuba nkhunda ayi, ngakhale kumanda.

* * *

Pabalaza panali phokoso. ATcheya ankayenda uku ndi uku, magalasi ali pamphumi, foni yawo yaing'ono ataigwira ngati mwala woti agende nawo munthu.

"Ndinamuona tsiku loyamba lomwe! Maso aja! Ankayang'ana denga iye uja? Ankayang'ana za m'khola!"

"Zoonadi, aTcheya, ankayang'ana zina," anayankha mlendo amene anakhala pampando wa pawindo.

Ameneyu anali Suti, adimini mnzake wa Kamphepo, yemwe ngakhale polowa m'khola ankavala jekete ndi tayi. Anali ndi galimoto, nkhunda zodula zoitanitsa kutali, ndi chizolowezi chobwera kwa aTcheya ndi kathumba ka mapira nthawi iliyonse akamva kuti Kamphepo ali pakhomo. ATcheya ankamutcha mwana wanga. Mlamu ankamutcha chikomekome cha nkhuyu.

"Iwe, bwera kuno," anatero aTcheya ataona mwana wawo. "Waona zimene wachita mnzako wa zidebe uja?"

"Ndaona, Bambo."

"Wadina?"

"Ndidina. Manja anali onyowa."

"Pukuta! Mlandu wake ndi wofunika kuganizira umenewu? Mkanda ndinamulera ndekha, mayi ake atagwidwa ndi mphaka. Ndinkamutafunira chakudya ine! Lero akagone m'chidebe?"

"Mwina anangosochera, Bambo."

"Kusochera? Mkanda? Ndinakamusiya kuseri kwa mapiri uko, anandipeza ndisanavule nsapato! Ameneyo anachita kumukopa. Ndipo akanakhala wosochera, bwanji sanalengeze pagulu? Lamulo limati chiyani?"

Suti anamwetulira, akukonza tayi.

"Kakhoti sikanena amene wadandaula," anatero, "koma amene anajambula chithunzichi ali ndi diso. Mwaona mmene chaonekera bwino? Ngati anajambulira pawindo la nyumba yaitali ija yoyang'anizana ndi kwa Wamalata."

"Mulungu amudalitse," anatero aTcheya. "Iwe, kawaphikire tiyi alendo."

Ali m'kanjira kopita kukhitchini, Kamphepo anamva fungo la perefyumu kumbuyo kwake. Suti anali atamutsatira, ati akasambe m'manja.

"Asisi," ananong'ona, "pawindo lija pamaoneka zambiri. Nsapato zofiira zija zimakukhalani bwino mukamakwera masitepe."

Kamphepo anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Musaope. Ine ndine munthu wosunga pakamwa. Ndinajambula mbalame yokha. Mnyamata uja achoke mwakachetechete, inu dzina lanu likhale loyera, aTcheya mtima ukhale pansi. Aliyense apindula."

"Ndiye mukudziwa kuti sanabe."

"Ine ndikudziwa zimene zili pachithunzi." Anatsegula mpopi, n'kunyowetsa nsonga za zala zokha. "Batani lachitatu lija liliko, ngati muli ndi mawu. Kungoti limatumiza dzina. Ndipo ine ndikukudziwani, asisi. Simungawachititse manyazi bambo anu pamaso pa maadimini."

Kamphepo anaika ketulo pamoto, anauza mlamu kuti aione, ndipo chitseko cha kuseri chinamenyetseka.

* * *

Anathamanga. Anadutsa pa okonza njinga, anadumpha ngalande, anapyola pakati pa amayi awiri onyamula mabeseni mpaka mmodzi anakuwa kuti, "Kwapsa kuti?" Nyumba imene Wamalata ankachita lendi inali yosanja, ya masitepe amdima onunkha sopo ndi utsi. Anawakwera awiriawiri.

Padenga panali dzuwa, zingwe zoyanikira zovala, thanki ya madzi, ndi kakhola kaja kali mbee. Wamalata anali atagwada patsogolo pake. Atamva mapazi sanatembenuke n'komwe.

"Yenda pang'onopang'ono," anatero. "Ngati umatha."

"Ukudziwa zimene zikuchitika iwe?"

"Ndikudziwa. Bwera udzaone kaye."

"Ndione chiyani? Anthu akukuvotera kuti ndiwe mbava!"

"Bwera."

Anamugwira dzanja n'kumugwaditsa pambali pake. M'kati mwa kholalo, m'kabokosi ka udzu, Mkanda anali atakhala chofutukuka, maso ali gwa ngati mlonda wa pabanki. Wamalata analowetsa chala pang'onopang'ono n'kumutukula pachifuwa. Mkanda anamumenya ndi phiko. Pansi pake panali timazira tiwiri, toyera, tosalala.

Kamphepo anagwira pakamwa. Mkwiyo wonse umene anakwera nawo masitepe unasungunuka.

"Aaa! Mkanda iwe! Wakula liti?"

"Masana amafungatira ndi iyeyo, mkazi wake akapume," anatero Wamalata monyadira, ngati mazirawo waikira ndi iye. "Ndiye undiuze, ndimunyamule bwanji panopa? Azizira."

Anaseka onse awiri, mitu itagundana pakhomo la khola. Kenaka foni inanjenjemera, kuseka n'kuthera pomwepo. "Achotsedwe: awiri. Akhale: mmodzi. Watsala adimini mmodzi."

"Amenewo ndi Aphunzitsi," anatero Kamphepo. Ankanena mayi wina wopuma pantchito, yemwe pa maadimini onse ndiye sankaweruza munthu asanamumve. "Awiri aja ndi Suti ndi Dalaivala, mnzake womupatsa mapira ulere. Ndiye taona. Ndikati ukhale, mavoti afanana, chigamulo chipita kwa Bambo. Ukudziwa chimene adine Bambo."

"Ndikudziwa."

"Kakhoti sikanakufunse mbali yako?"

"Kandifunsa. Sindinayankhe."

"Chifukwa?"

"Ndiyankhe kuti chiyani? Kuti nkhundayi inkabwera m'dengu la mwana wa aTcheya?"

"Ndiye ndinena ndine. Ndikadina kuti ndili ndi umboni, voti iima, mlandu aumvanso."

Wamalata anaimirira. Munthu wosalankhulalankhula uja mawu anamutuluka ngati mpopi wothyoka.

"Ayi! Limenelo usaliyandikire. Ukudziwa pakamwa pa Dalaivala. Lisanalowe dzuwa la mawa, tauni yonse ikhala ikuimba kuti mwana wa aTcheya amakwera padenga la mnyamata wa lendi. Bambo ako aziyenda bwanji? Iwe uziyenda bwanji? Dzina langa ndi lata, likapindika ndiliwongola ndi hamala. Lako likasweka ndilitola ndi chiyani?"

"Suti akudziwa kale. Anationa pawindo ilo."

Wamalata anayang'ana nyumba yaitali ija, nsagwada zitalimba. "Ndiye akufuna chiyani?"

"Akufuna ndikhale chete. Ngati mmene ukufunira iwe. Mwagwirizana bwino, mukagulirane tayi."

"Usandiphatikize ndi ameneyo!"

"Nanga ndinene kuti chiyani? Iye akuti khala chete, iwe ukuti khala chete. Aliyense akundisungira dzina ngati ndalisiya pa telala. Wandifunsa ine?" Mawu ake tsopano ankathamanga kuposa miyendo yake. "Ukachotsedwa lero, Bambo sadzalola kumva dzina lako m'nyumba muja mpaka kalekale. Ndiye ine ndidzatani? Ndidzawauze kuti Bambo, ndikukwatiwa ndi mbava ija inakuberani Mkanda?"



"Wati chiyani?" anafunsa Wamalata.

"Ndati sadzalola kumva dzina lako."

"Ayi, kumapetoko."

Kamphepo anatembenukira kukhola. "Sindinanene kanthu."

"Wati ukukwatiwa."

"Ndinati mwachitsanzo!"

"Ine ndakhala ndikuyeseza mawu amenewo pamaso pa thanki iyi," anatero Wamalata, akuloza thanki ya madzi, nkhope yonse ili mano okhaokha. "Tsiku lililonse. Thankiyi yandivomera kangapo konse. Ndiye iwe wangobwera chothamanga n'kundilanda?"

"Ukanafulumira! Ukuona ngati ine ndili ndi nthawi yodikira munthu wofunsira thanki?"

Wamalata anamunyamula m'mwamba n'kumuzungulitsa, mpaka kankhunda koyera kaja kanadzidzimuka pa thanki n'kuuluka. Kamphepo ankamumenya pamapewa kuti anditsitse, anthu a pawindo akuona, kenaka anakumbuka amene amakhala pawindopo, n'kukweza dzanja kumubayibitsa.

Atamutsitsa, Wamalata anamugwira mapewa onse awiri.

"Tsopano ndiye nkhani yakula. Mkazi wanga sangalowe m'kamwa mwa anthu chifukwa cha ine. Ndilonjeze kuti sudina batani lija."

"Sindilonjeza."

"Kamphepo."

"Ndati sindilonjeza. Tiyi wa alendo akundidikira."

"Ndiye nane ndiona chochita," anatero Wamalata. Koma mawuwo anakagwera pamasitepe opanda munthu.

* * *

Masana onse Kamphepo ankayenda ngati wamwa zoledzeretsa. Anathira mchere mu tiyi wa Suti, mosafuna kapena mofuna, iye mwini sankadziwa. Anasesa pabalaza kawiri. Mlamu anamukokera kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Nkhope iyi si ya munthu amene chibwenzi chake chili pamlandu. Talankhulani."

"Alamu, wandifunsira."

"Ndani wafunsira mnzake?"

"Zimenezo zisiyeni."

Mlamuyo anatsegula pakamwa kuti alulutire, Kamphepo n'kumutseka ndi nsalu yopukutira mbale. Anavina chinunu pakati pa mapoto, akugwirana m'chiuno, misozi ikutsika ndi kuseka.

"Nanga za voti?" anafunsa mlamu atapuma.

"Iye akuti ndisanene."

"Inu mukuti bwanji?"

"Ndikuopa, alamu. Bambo akandiyang'ana ndi maso aja."

"Maso ake ati, osaona bwinowo?" Mlamu anamukonza kolala ya bulauzi. "Tamverani. Ine achimwene anu atabwera kwathu koyamba, bambo anga anawathamangitsa ndi payipi yothirira maluwa. Lero akamaimba foni amayamba kufunsa za iwowo, ine pambuyo. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, mlamu. Palibe akutsegulireni."

Suti sanachoke. Anati adikire zotsatira limodzi ndi aTcheya, poti tsiku ngati limeneli munthu wamkulu sasiyidwa yekha. Dzuwa litayamba kupendeka, mthunzi wa mpanda utafika pakhonde, aTcheya anaitana.

"Iwe! Akuti watsala adimini mmodzi. Ndiwe?"

"Ndine, Bambo."

"Bwera udinire pano ndione. Ndikufuna chala chako chimuchotse ameneyo ine ndikupenya."

"Mavoti ndi achinsinsi, Bambo. Lamulo munaika nokha."

Suti anaseka mokometsera. "Asiyeni, aTcheya. Asisi akudziwa choyenera."

"Ndikudziwadi," anatero Kamphepo. "Ndikatsekere nkhunda."

* * *

M'khola munali fungo la nthenga ndi mapira. Nkhunda zinali zitayamba kubwerera, zikukanganirana malo, zikulira chapansipansi. Malo a Mkanda, pamwamba pakona, anali opanda kanthu. Palibe inayerekeza kukhalapo. Kamphepo anatsamira chitseko, natulutsa foni. Kumwamba kunali kutafiira.

Anadina batani lachitatu.

"Mwasankha kupereka umboni," kanatero Kakhoti. "Voti yanu ichotsedwa. Mawu anu apita kwa maadimini onse pamodzi ndi dzina lanu, ndipo safufutika. Mukutsimikiza?"

"Iwenso usandiyambe," anatero Kamphepo mokweza, n'kudina kuti inde.

Analemba, nafufuta. Analembanso mwaulemu kwambiri, ngati kalata yofunsira ntchito, nafufutanso. Kachitatu anangolemba mmene amalankhulira.

"Wamalata sanabe Mkanda. Ndinkapita naye ndine, m'dengu, kambirimbiri, Bambo osadziwa. Ankamuulutsa pofuna kundiitana. Mkanda anakonda nkhunda ya kumeneko n'kukana kubwerera, ndipo pano akufungatira mazira. Wamalata sanalengeze chifukwa amateteza ine. Ngati pali wochotsedwa ndine. Bambo, pepani kuti mwamvera pano. Munthuyu ndimamukonda ndipo wandifunsira."

Anatseka maso, natumiza.

Chinthu cholemera chimene anachisenza nyengo yonseyi chinatsika. Anaseka yekha. Anagwira nkhunda ina imene inali pafupi n'kuipsompsona pamutu, iyo n'kumuyang'ana modabwa. Zatheka! Bambo akalipe, Dalaivala aimbe, Suti adye tayi yake. Iye wanena.

Foni inanjenjemera.

"Chidziwitso. Wodandaulidwa wachoka yekha pagulu voti isanathe. Wochoka mlandu uli m'kati amatengedwa kuti wavomera. Mlandu watsekedwa, ndipo gulu lonse ladziwitsidwa."

Kamphepo anawerenga kawiri. Asanapume, unalowa wina.

"Umboni wanu wafika mlandu utatsekedwa kale. Suwerengedwa. Watumizidwa kwa maadimini onse monga munavomerezera."

"Chitsiru!" anakuwa, nkhunda zonse n'kubalalika m'khola. "Chitsiru changa iwe, wachita chiyani?"

Anaona zonse bwinobwino ngati analipo: Wamalata ali padenga, akuyang'ana dzuwa likutsika, akuganiza kuti mlandu ukafa, batani lija lifa nawo. Anadzipereka kuti dzina la Kamphepo lisatuluke, pa nthawi yomweyo imene Kamphepo ankalitulutsa kuti amupulumutse. Tsopano pagulu lalikulu mauthenga anali kugwa ngati matalala, anthu mazanamazana akuti tinkadziwa, akuti nkhope yake imaoneka, akuti aliyense awerenge nkhunda zake. Ndipo chinsinsi chija chinali m'mafoni anayi.

Anamuimbira Wamalata. Foni yake inali yozimitsa. Anaimbanso. Yozimitsa.

Kuchokera pabalaza, kudzera pawindo lotsegula, kunamveka mawu a Suti akuwerengera aTcheya mokondwa. "Wachoka yekha! Wavomera, aTcheya! Mwaona? Dikirani, kwabweranso wina. Akuti umboni wa..." Mawuwo anazima.

"Wa ndani?"

"Aa, ndi zopanda pake izi, aTcheya. Mlandu watha kale."

"Ndati wa ndani? Werengani."

"Mwina mudzawerenge nokha mukapuma."

"Mwana wa eni," aTcheya anaitana mpongozi wawo, "tabwera undiwerengere. Awa lilime lawakanika."

Ndipo Kamphepo anamva mlamu wake akuwerenga, osadumpha ngakhale liwu limodzi, mpaka kukafika pa wandifunsira. Pamenepo mlamuyo anawonjezera mphamvu pang'ono, ngati akuwerenga m'tchalitchi.



Kenaka mpando unakhuluka. Mapazi olemera anadutsa m'kanjira, anatsika pakhonde, anaponda zidutswa za kambale zimene palibe anasesa. Chitseko cha khola chinatseguka. ATcheya anaima pamenepo atavala chipewa chawo cha paulendo, magalasi ali pamaso, dengu lonyamulira nkhunda lili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali Suti, tayi itapotoka, ndi mlamu atagwira m'mutu. Kamphepo anafufuza nkhope ya bambo ake kuti aone ngati muli moto kapena madzi, koma sanapezemo kanthu.

"Bambo, ine..."

"Sindinakufunse." Anatembenukira kwa Suti. "Inu, kalizeni galimoto. Poti mumadziwa mawindo a kumeneko, njiranso mukuidziwa."

"Panopa, aTcheya? Kukuda."

"Panopa."

"Bambo, foni yake ndi yozimitsa," anatero Kamphepo. "Sakudziwa kuti ndanena. Sakudziwa chilichonse."

"Zili bwino choncho. Ndimupeze mmene alili." Anamupatsira dengu lija, Kamphepo n'kulilandira ndi manja awiri. "Tsogola. Ndikufuna ndikamuone ndi maso angawa munthu amene wandilanda nkhunda ziwiri."